Ndikufuna kumanga kompyuta yanga yoyamba ndi zida za kaunjika kuno ku Joni

MlondaWaKuBalaka

Moni nonse abale anga. Ndimakhala ku Rosettenville, ntchito yanga ndi ya ulonda wausiku cha ku Booysens. Ndasunga R3 500 ndipo ndikufuna kompyuta ya patebulo, osati laputopu. Ntchito yake yeniyeni ikhala mavidiyo a kwaya yathu. Lamlungu lililonse ndimajambula ndi foni kutchalitchi, koma kudula ndi kulumikiza mavidiyowo pafoni yomweyo kwandikwana. Foni imatentha, malo amadzaza, ndipo makolo athu kumudzi amakhala akufunsa pa WhatsApp kuti nyimbo ija ili kuti. Ndikufunanso kuphunzira Excel, chifukwa ulonda sindikufuna kukalamba nawo.

Abwana akuntchito anandipatsa bokosi la kompyuta yakale, mkati mwangotsala fani ndi hard drive ya 500GB. Anandipatsanso monita yolowetsa chingwe cha VGA. Mnzanga wina wandipatsa RAM imodzi ya 8GB (chida chomwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo), yalembedwa DDR4.

Tsono pa Facebook Marketplace ndaona munthu wa ku Kempton Park akugulitsa bodi ya H81 (motherboard, pomwe zida zonse zimalumikizidwa) pamodzi ndi purosesa ya i5-4590 (ubongo wa kompyuta) pa R800. Wina ali ndi graphics card (khadi yotulutsa chithunzi pa monita) ya RX 580 pa R1 200. M'tauni ndapeza power supply (kabokosi kogawa magetsi ku zida zonse) yolembedwa 600W pa R180, dzina lake lachilendo ndipo ndi yopepuka kwambiri m'manja. Ndikaphatikiza zonsezi ndalama ikutsalako, nchifukwa chake mtima wanga wakhala pamenepo.

Kodi zimenezi zigwirizana? Ndi chiyani chomwe munthu sayenera kugula chakale? Sindinamangepo kompyuta, koma wailesi ndi ayironi ndimamasula nkumanganso bwinobwino. Ndalamayi ndaisunga movutikira, ndiye ndati ndifunse kaye ndisanakwere takisi ya ku Kempton Park.

MmisiriWaKuFordsburg

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanalipire. Ine ndimakonza makompyuta, ndipo zomwe mwatchulazo sizigwirizana.

Bodi ya H81 imalandira DDR3 basi. RAM yanuyo ndi DDR4. Pansi pa RAM iliyonse pali kampata, ndipo pa DDR3 ndi pa DDR4 kampatako kali malo osiyana, ndiye siingalowe. Mukaikakamiza muthyola polowera pake. Onaninso kutalika kwake: ngati ili yaifupi ngati chala, imeneyo ndi ya laputopu, sigwira pa bodi wamba ya kompyuta ya patebulo.

Koma vuto lalikulu si limeneli. i5-4590 inatuluka mu 2014, ndi ya m'badwo wachinayi wa Intel. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena purosesa ya AMD ya Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, komanso chida cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0. Nchifukwa chake zida za m'badwo wachinayi zatchipa chonchi, aliyense akuzitulutsa. Zimagwirabe ntchito, sindikukana. Mutaikamo Linux Mint m'malo mwa Windows ikhoza kukutumikirani zaka ndithu. Koma inu mwati mukufuna Excel kuti mudzapezere ntchito, ndiye ndibwino muphunzire pa Windows yomwe mukaipeze muofesi.

Langizo langa: sakani i5-8400 kapena i5-8500. Zonsezi zili ndi ma core 6 (tizigawo togwira ntchito mkati mwa purosesa), pomwe 4590 ili ndi 4, ndipo pa mavidiyo kusiyanako mudzakuona ndi maso. Zimalandira DDR4, ndiye RAM ya mnzanuyo yapeza ntchito. Bodi yake ikhale H310, B360 kapena B365. Apa chenjerani, chifukwa pamagwa anthu ambiri. Bodi za H110 ndi B250 nazonso zalembedwa LGA1151 (dzina la soketi, pokhala purosesa), purosesa imakhala bwinobwino pamalo pake, koma siyaka, chifukwa zimenezo ndi za m'badwo wa 6 ndi 7. Wogulitsa akakuuzani kuti soketi ndi imodzimodzi, mufunseni dzina la bodi, mukalione pa webusayiti ya kampani yomwe inaipanga.

RX 580 isiyeni kaye. Imadya mphamvu yofika 185W, imafuna chingwe chakechake chochokera ku power supply, ndipo ambiri mwa makhadi amenewa anagwira ntchito yokumba ndalama za crypto usana ndi usiku. i5-8500 ili ndi graphics yakeyake mkati, UHD 630, yomwe imakwanitsa mavidiyo a 1080p a pafoni. Ingopewani purosesa yothera ndi chilembo F, monga i5-9400F, chifukwa imeneyo siionetsa chithunzi popanda khadi.

Tsopano power supply ya R180 ija. Chonde musagule. Kupepukako nkomwe kukukuuzani kuti mkati mulibe zida zokwanira, ndipo 600W yalembedwayo ndi ya pa pepala chabe. Chida china chilichonse chikafa chimafa chokha. Power supply ikafa moipa imatha kupita ndi bodi ndi disiki yomwe muli nyimbo zonse za kwaya. Pa zonse, ichi ndiye ndingagule chatsopano: 450W kapena 500W ya kampani yodziwika ngati Corsair, Cooler Master, Antec kapena FSP, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus ndi waranti. Purosesa ndi RAM zakale gulani mosaopa, sizifa wamba. Bodi yakale gulani mutaiona ikuyaka.

Ndalama ya RX 580 ija igawireni ku SSD (disiki yothamanga kuposa hard drive) ndi RAM ina ya 8GB. Windows ikhale pa SSD, ngakhale ya 256GB. Hard drive ya abwanayo ikhale yosungira mavidiyo, koma muyambe mwaiyeza ndi CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere. Ikalemba Caution musaikhulupirire.

MakeMapasa_Turffontein

Achimwene a ku Balaka, ine ndili ndi maganizo ena, a Mmisiri andikhululukire. Bwanji osangogula yomangidwa kale? Makampani akuno akamasintha makompyuta a m'maofesi, akale aja amapita kwa anthu omwe amawapukuta nkuwagulitsanso: Dell OptiPlex, HP ProDesk, Lenovo ThinkCentre. Yanga ndi ya mtundu umenewu. Ndimalemberapo ma invoice a ntchito yanga yosoka ndipo ana amachitirapo za kusukulu. Inabwera ndi Windows yake yovomerezeka, risiti ndi waranti ya miyezi ingapo. Palibe chomwe ndinamanga, ndinangolumikiza zingwe.

Chomwe chandichititsa kulemba kwenikweni ndi ulendo wanu wa ku Kempton Park. Mlamu wanga anatumizira munthu wina wa pa intaneti dipoziti kuti amusungire katundu, atafika pamalo omwe anagwirizana foni inali yozima, mpaka lero. Musatumize ndalama katundu musanamuone, ngakhale wogulitsa atalankhula mokoma bwanji kapena kunena kuti pali anthu ena akumufuna. Kumanani masana pamalo a anthu ambiri, ndipo pitani ndi mnzanu. Akakuitanirani m'kanyumba ka kuseri kapena akasintha malo muli m'njira, bwererani.

Chinanso, ife ndife alendo m'dziko lino. Mukapezeka ndi katundu wobedwa, palibe adzamve zoti munagula mosadziwa. Lamulo la kuno la Second-Hand Goods Act la 2009 limati ogulitsa zinthu zakale ngati bizinesi azilembetsa kupolisi ndi kusunga kaundula wa katundu wawo, ndiye shopu yeniyeni siingakane kukulemberani risiti. Kwa munthu wamba, sungani mauthenga onse omwe mwalemberana ndipo jambulani nambala ya siriyo. Kompyuta yomwe ikufunsa pasiwedi ya BIOS (pulogalamu ya pa bodi yomwe imayamba Windows isanatseguke) mwini wake nkumati waiwala, isiyeni pomwepo.

MnyamataWaKuNdirande

Amayi anena zoona pa chitetezo, koma pa za OptiPlex pali mbali ina. Makompyuta a muofesi ambiri sanapangidwe kuti uziwonjezera zinthu. Power supply yake imakhala yamphamvu yochepa ndipo mapulagi ake ndi akeake, osati a mapini 24 omwe ali pa bodi wamba. Ang'onoang'ono aja, olembedwa SFF, amangolowa khadi yaifupi. Ndiye akuluwa akadzafuna khadi chaka chamawa adzapeza kuti zomwe zingalowe ndi zochepa, monga GTX 1650 yaifupi yomwe imadya mphamvu ya pa bodi pomwepo, ndipo zoterozo sizipezeka wamba.

Ine ndikanakhala inu akulu ndikanayang'ananso AMD. Bodi ya B450 ndi Ryzen 3 3200G, kapena 5600G ndalama ikalola. Chilembo G chikutanthauza kuti graphics ili mkati. Soketi ya AM4 inakhala zaka zambiri, ndiye mutha kuyamba ndi purosesa yotchipa nkudzasintha bodi ili yomweyo. Kungoti B450 yakale imafuna BIOS yatsopano kuti izindikire 5600G, ndiye wogulitsa akuonetseni zikuyaka pamodzi. Ryzen 5 3600 ndi yabwino koma ilibe graphics, musakopeke nayo.

Osangodalira Marketplace. Pali Carbonite, webusayiti ya kuno komwe anthu okonda makompyuta amagulitsana zida, ndipo wogulitsa aliyense amakhala ndi mbiri yomwe omwe anagulapo kwa iye analemba. Yerekezaninso ndi mitengo ya zatsopano pa Wootware, Evetech kapena Takealot, chifukwa nthawi zina SSD yakale amaitchula mtengo wofanana ndi yatsopano. Pulogalamu yodulira mavidiyo musagule, Kdenlive ndi Shotcut ndi zaulere.

MlondaWaKuBalaka

Zikomo kwambiri nonse, mwandipulumutsa. Wa ku Kempton Park uja ndamuuza kuti ndasintha maganizo. Amayi a mapasa, mawu anu ndawamva ndipo ndipita ndi mnzanga wa mu kwaya kulikonse komwe ndikagule. Komabe mtima wanga uli pomanga ndekha. Kumudzi kwathu munthu kompyuta ikangozima amayenda nayo mpaka ku Balaka boma kapena ku Blantyre. Ndikaidziwa mkati mwake, tsiku lomwe ndidzabwerere ndidzakhala ndi luso m'manja, osati katundu yekha.

RAM ija ndaiyeza, ndi yaitali, ya patebulo. Ndisaka i5-8500 monga anenera a Mmisiri, ya AMD ndiiyang'ananso ikapezeka pafupi.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Chipinda chomwe ndimachita lendi ndi cha kuseri, magetsi amabwera ndi chingwe chimodzi kuchokera m'nyumba yaikulu, ndipo pa chingwe chomwecho pali ketulo ndi hotipuleti. Kodi pamenepa kompyuta ikhala? Komanso tsiku lopita nayo kumudzi pa basi, idzafika yamoyo?

MmisiriWaKuFordsburg

Za chingwecho zandidetsa nkhawa kuposa zonse zomwe munalemba poyamba. Ketulo yokha imakoka pafupifupi 2 000W. Kompyuta yomwe tikukambayi, yopanda khadi, siifika ngakhale 150W pamodzi ndi monita, ndiye siilemetsa chingwe, koma ketulo ndi hotipuleti zikayakira limodzi magetsi nkugwa, imazima mwadzidzidzi ndipo ntchito yomwe simunasunge yapita. Musamaphike kompyuta ikutulutsa vidiyo. Tsegulani pulagi ya chingwecho muone ngati muli mawaya atatu. Zingwe zambiri za m'zipinda za kuseri zimakhala ndi awiri, wa earth palibe, ndipo popanda ameneyo pulagi yoteteza ku surge (magetsi okwera mphamvu mwadzidzidzi) siteteza mokwanira, bokosi lachitsulo limathanso kukugwirani. Mukapeza awiri, kambiranani ndi alandilodi, kapena gulani chingwe cha mawaya atatu.

Magetsi akathima, kaya ndi load shedding kaya mawaya abedwa, zulani pulagi kukhoma, chifukwa zinthu zambiri zimapsa pomwe magetsi akubwerera. Nyengo ya mvula kuno mukuidziwa, ziphaliwali za masana kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi. Popita kuntchito madzulo muzisiya mutazula. UPS yaing'ono (kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima) mudzagule pambuyo pake. Imangokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino, ndipo yakale nthawi zambiri batire yake ya 12V imakhala itatha.

Pomanga, yambirani patebulo, bodi ili pamwamba pa katoni, musanaiike m'bokosi. Gwirani kaye chitsulo kuti magetsi a m'thupi achoke. Musanalipire bodi ya Intel yang'anani timapini ta mu soketi ndi tochi ya foni. Kamodzi kakapindika, musatenge. Purosesa ili ndi kachizindikiro ka makona atatu pangodya, kagwirizane ndi ka pa soketi, ndipo imangokhala yokha osaikanikiza. Pukutani thermal paste yakale (phala lopaka pamwamba pa purosesa kuti kutentha kuzichoka), ikani yatsopano kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati. Zingwe za mphamvu ndi ziwiri, chachikulu cha mapini 24 ndi china cha 4 kapena 8 pafupi ndi purosesa. Chachiwirichi ndi chomwe oyamba kumene amaiwala, fani nkumazungulira koma chithunzi osabwera. RAM ikanikizeni mpaka timanja ta m'mbali titseke tokha. M'bokosi la abwanalo onani kuti timiyendo ta mkuwa tokhazikapo bodi tili pa mabowo oyenera okha, chifukwa kamodzi kokhala polakwika kamagunda pansi pa bodi nkuchititsa shoti. Ngati bokosilo linali la Dell kapena HP, yezani kaye, bodi wamba mwina siikwana. Bodi ikamaiwala nthawi ndi tsiku, sinthani kabatire kozungulira ka CR2032. Onaninso kuti kumbuyo kwa bodi kuli polowera VGA, apo ayi mufunika adaputala ya monita yanuyo.

Za ulendo, magetsi a ku Malawi ndi 230V ngati a kuno, ndiye power supply siisintha. Chosiyana ndi pulagi: kuno mano ake atatu ndi ozungulira, kwathu ndi a makona anayi. Mukafika mungogula chingwe china cha kumbuyo kwa kompyuta, chimapezeka paliponse. Msewu wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi wautali ndipo katundu wa mu tirela amaponderezana. Chotsani hard drive ndi SSD muziike m'chikwama cha m'manja, khadi ngati mudzakhale mutagula ichotseninso, ndipo bokosilo likulungeni ndi bulangeti mkati mwa katoni yolimba. Marisiti onse akhale pafupi, a MRA pa boda akafunsa mtengo mudzawaonetse.

Mukapeza bodi, lembani dzina lake lonse pano musanalipire, ndikuuzani ngati ikulandira 8500.