Mafunde a mphamvu yokoka a pachiyambi pa chilengedwe, tidzawazindikira bwanji?

Moni nonse akuluakulu odziwa za fizikisi muno. Ndikukonza phunziro loti ndikakambe kwa ophunzira anzanga, koma pali pena pandizunguza mutu, chonde ndithandizeni.

Chomwe ndamvetsa ndi ichi. Chilengedwe chitangoyamba chinali chotentha koopsa, ndipo pozizira chinkasintha mkhalidwe. Kusinthako kukakhala kwadzidzidzi, timathovu ta mkhalidwe watsopano timabuka apa ndi apo ngati madzi akamabwadamuka mumphika, n'kumakula mpaka kuwombana. Kuwombanako, pamodzi ndi mafunde a phokoso oyenda mu plasma (mpweya wotentha kwambiri wa tinthu ting'onoting'ono womwe unadzaza chilengedwe), n'komwe kumagwedeza mlengalenga n'kubala mafunde a mphamvu yokoka.

Vuto langa nali. Mu Standard Model, chiphunzitso chofotokoza tinthu ting'onoting'ono todziwika ndi mphamvu zake, popeza kanthu kotchedwa Higgs kamalemera pafupifupi 125 GeV (muyezo wa kulemera kwa tinthu totere), kusintha kwa electroweak, pomwe mphamvu yamagetsi inasiyana ndi mphamvu yofooka (weak force), kumachitika mwapang'onopang'ono, popanda timathovu tobala mafundewa. Ndiye LISA, makina omvera mafundewa omwe bungwe la zamlengalenga la ku Ulaya (ESA) likukonza, yokhala ndi zombo zitatu zamlengalenga zotalikirana makilomita 2.5 miliyoni, ikadzamva mafundewa, kodi tinganene motsimikiza kuti pali tinthu tatsopano tomwe Standard Model ilibe? Nanga tidzawasiyanitsa bwanji ndi phokoso la nyenyezi za white dwarf (zotsalira za nyenyezi zomwe zinatha mphamvu) zozungulirana ziwiriziwiri mu mlalang'amba wathu wa Milky Way, zomwe zikumvekera mu ma millihertz (muyezo wa kugunda kwa mafunde), momwe LISA idzamverenso?

Chinanso, zizindikiro za mafunde a mphamvu yokoka zomwe gulu la akatswiri la NANOGrav linalengeza mu 2023 ambiri akuti zikuchokera ku ma black hole akuluakulu (zinthu zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo). Ine mtima wanga ukukana kutseka khomo msanga. Kodi n'chiyani pa kaonekedwe ka spectrum (kagawidwe ka mphamvu ya mafunde malinga ndi kugunda kwake) chimene chingatsimikize kuti gwero ndi kusintha kwa mkhalidwe? Amene munawerengerapo zimenezi, mundifotokozere pang'onopang'ono, masamu sindiwaopa.