Zigoba za zipolopolo za .375 H&H zikung'ambika pamwamba pa lamba, vuto n'chiyani?

Mlenje_375: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimadzaza ndekha zipolopolo za .375 H&H, mutu wolemera 300 grain, zokasakira njati. Chigoba chikaomba kachitatu kapena kachinayi pamaoneka kamzere kowala pamwamba penipeni pa lamba (kamkombero kotukuka kozungulira chigoba chakumunsi), ndipo china chadukiratu n'kutsalira m'chamber (malo okhala chipolopolo m'mfuti). Wonga sindipyola pa zomwe buku la miyeso ya wonga likunena. Ndikulakwitsa pati?

Chisale: Achimwene, wonga musaunamizire, vuto lili pa die (chida chofinyira chigoba kuti chibwerere pa msinkhu wake). A kampani ya mfuti ya Holland & Holland (H&H) atatulutsa chipolopolochi mu 1912 anachikonza kuti chizitsamira pa lamba, osati pa phewa (pamene chigoba chimayamba kuchepa kulowera kukhosi). N'chifukwa chake mfuti zambiri zimasiya kampata patsogolo pa phewa. Mukaomba, mkuwa umatambasuka kudzaza kampatako. Ndiye inu mukamangitsa die mpaka kugunda shell holder (chogwirira chigoba pansi), mukulibwezanso phewa m'mbuyo kwambiri, ndipo ulendo wotsatira litambasukanso. Mkuwa wonsewo ukuchokera pamene mukuona kamzerepo, mpaka pamapyapyala ngati pepala.

Chitani izi: yezani chigoba choomba kale ndi comparator (chida choyezera) kuchokera pansi kufika pa phewa. Masulani die, kenako muziipotokola pang'onopang'ono uku mukuyeza, mpaka phewa libwerere ndi 0.002 inchi basi. Samalani dzanja: mazinga a die ndi 14 pa inchi, choncho kuzungulira kamodzi ndi 0.071 inchi. Ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulirako ndi pafupifupi 0.009, mwapyola kale.

Zigoba zotsalazo zifufuzeni. Wongolani kawaya kopanira mapepala, pindani nsonga, lowetsani m'kati n'kukanda khoma chakumunsi. Mukamva kakukodwa pa kamphako, chiphwanyeni ndi pulayala muchitaye. Musachimvere chisoni.

Nyalugwe: A Chisale anena zoona, koma 0.002 imeneyo ndi ya poyeserera. Pa njati ine sindingailole. Kafumbi kakalowa m'chamber, kapena mfuti ikakhala padzuwa, bawuti (chitsulo chokankhira ndi kutsekera chipolopolo m'chamber) imalimba nthawi imene mukufuna chipolopolo chachiwiri msangamsanga, ndipo njati yovulala sidikira. Zokasakira bwezani phewa 0.003 mpaka 0.004, zigoba zikhale zatsopano kapena zoomba kamodzi. Chilichonse chidutse m'mfuti musananyamuke, kuchokera m'magazini mpaka kutseka bawuti, mfuti italoza kopanda ngozi.

Wonganso muuyese pa kutentha kofanana ndi kumene mukasake. Muyeso womwe unali bwinobwino kozizira ukhoza kuphwatalatsa primer (koyatsira wonga pansi pa chigoba) ndi kumata bawuti kotentha. Zikatero tsitsani, liwiro la pafupifupi mafiti 2,400 mpaka 2,500 pa sekondi ndi lokwana kale pa mutu wa 300 grain.

Gogo_Bawuti: Kuonjezera pang'ono, mwanawe. Utali wa chigoba usapyole 2.850 inchi, dulani zonse pa 2.840 zifanane. Zikasiyana, crimp (kufinya kukamwa kwa chigoba kuti kugwire mutu) imagwira mosiyana: china chomasuka, china chofinyika mpaka phewa kutupa. Ndipo crimp musaisiye, chifukwa mfuti ikakankha, zipolopolo za m'magazini zimagunda khoma lakutsogolo, mutu n'kumira m'chigoba, mphamvu n'kukwera.

Chotsalira m'chamber chija musachitokose ndi sikuludilaiva, mukanda chamber. Chotsani bawuti, lowetsani burashi yamkuwa yokulirapo kuchokera kumbuyo, ikagwira kokani. Kawirikawiri chimatuluka nayo limodzi.