Ndigule Ryzen 9 9950X kapena ndidikire kaye?

Akuluakulu odziwa za makompyuta, ndithandizeni maganizo. Ndimakonza mavidiyo a maukwati ndi a makwaya kuno ku Chilenje, ndipo makasitomala tsopano akufuna 4K. Kompyuta yanga ikalandira mafailo a makamera atatu mu DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera mavidiyo, chithunzi chimadukaduka, fani nkumalira ngati chigayo.

Maso anga ali pa purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 9 9950X ya kampani ya AMD, ya ma core 16 (tizigawo togawana ntchito), yotuluka mu 2024. Chandikopa ndi soketi yake ya AM5 (malo olumikizira purosesa pa motherboard), poti AMD inalonjeza kuigwiritsabe ntchito mpaka 2027 ndi kupitirira, ndiye mtsogolo ndingadzangosintha purosesa, motherboard nkukhala yomweyo. Ina yomwe ndikuiganizira, Core Ultra 9 285K ya kampani ya Intel, ili ndi ma core 24 komanso Quick Sync yothandiza pa mavidiyo a H.265. Amene mwagwiritsapo ziwirizi, kusiyana kwake kumaoneka pa ntchito, kapena nkwa papepala chabe? Threadripper 9980X ya ma core 64 ndangoisirira, thumba lakana.

Nkhani yaikulu ndi magetsi. Akathima ndimadalira invata ndi mabatire awiri. 9950X yokha imalembedwa 170W, tisanawerenge graphics card ndi sikirini. Mnzanga akuti ndingogula Mac Studio, kompyuta ya Apple, poti imadya moto pang'ono, koma RAM yake sungawonjezere ukagula, ndipo zimenezo sizikundisangalatsa.

Alipo amene akuyendetsa makina otere pa sola? Invata yanu ndi ya mphamvu yanji? Nanga zida munagula m'tauni momuno kapena munaitanitsa ku Johannesburg, ndipo chikafa waranti imayenda bwanji?