Nyumba ya sikelo ya ana kwa Santhe: tiotche njerwa kapena tipange zamakina?

A Banda (wapampando): Abale, a gulupu atipatsa malo aja a kumtunda kwa mjigo. Pulani yomwe wajambula mwana wathu wa ku yunivesite ya MUBAS mwaiona: mamita 12 m'litali, 6 m'lifupi, khonde kutsogolo. Chatsala ndi njerwa. Midzi itatu yati iumba ndi kuotcha yokha.

Mayi Naphiri: Zootcha ayi, a Banda, tipange zamakina, zija za dothi losakaniza ndi simenti zotsindira pa makina. Uvuni sudya tchire, umafuna mitengo ikuluikulu, ndipo misuku ndi mitondo ya kuno inathera kale m'mabalani a fodya. Komanso malamulo a zomangamanga a 2018 amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi za mabungwe. Sikelo ya ana ili m'gulu lomwelo.

A Mwale (mmisiri): Ndamva, achemwali, koma anthu athu ali ndi manja, alibe ndalama. Zamakina zimafuna simenti. Ndipo zambiri zomwe zimapangidwa m'midzimu zimafumbutuka ukazikanda ndi msomali.

A Phiri (injiniya): Zimafumbutukadi, a Mwale, koma vuto si makina. Ndi dothi komanso madzi. Dothi lakuda la pamwamba lija lichotsedwe, tikumbe katondo wa pansi ndi kumusefa. Makande a kudambo asayandikire n'komwe. Poyesa, khomani kabokosi ka matabwa, masentimita 60 m'litali, 4 m'lifupi, 4 kuya, mupake mafuta m'kati, mudzaze dothi lokanda, liume pamthunzi sabata imodzi. Kenako likankhireni mbali imodzi muyeze mpata. Ukakhala pakati pa masentimita 1.5 ndi 3, ndowa imodzi ya simenti ipite ku ndowa 16 za dothi. Pakati pa 3 ndi 4.5, ndowa 14. Ukaposa 6, dongo lachuluka, thiranimo mchenga muyesenso.

Sakanizani zouma kaye mpaka mtundu ufanane, madzi pambuyo, pang'ono chabe. Mukafumbata ligwirane koma lisanyowetse chikhatho. Osakanda chambiri nthawi imodzi, simenti siyembekeza. Pomwe ambiri amalakwa ndi apa: amayanika njerwa padzuwa ngati zidina. Simenti imalimba ndi chinyezi. Zifunditseni pulasitiki, muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo zikwere pakhoma patatha masiku 28. Mjigo tili nawo pafupi, ndiye palibe chonamizira.

Chikondi (wophunzira): Pepani akuluakulu, ndionjezepo za komwe nyumbayi iziyang'ana. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi kummawa ndi kumadzulo, opanda mawindo. Dzuwa la masana mu Okutobala likamenya khoma lalitali, amayi ndi ana akawotcheka m'katimo. Mawindo akhale moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi timipata pamwamba pa khoma totulutsa mpweya wotentha. Malata atuluke masentimita 60 kapena kuposa mbali zonse. Izi chonde musadule pofuna kupulumutsa malata awiri, chifukwa mvula yowomba khoma ndi yomwe imadya njerwa zadothi.

A Mwale: Mwanayu walankhula za nzeru. Ine ndivomera zamakina, koma pansi pokha ndikana. M'maziko musalowe njerwa yadothi. Ngalande ikhale masentimita 60 m'lifupi, tikumbe mpaka tipeze nthaka yolimba, tithire mankhwala a chiswe, kenako konkire ya 1:3:6, simenti, mchenga wa kumtsinje ndi miyala ya kwale. Pamwamba pake mabuloko a simenti kapena miyala mpaka titukuke masentimita 30 kuchoka pansi, tiyale pulasitiki wakuda uja, ndiye zamakina ziyambe. Mukadumpha pulasitikiyo chinyontho chimakwera khoma, pulasitala n'kumasupuka m'munsi chaka chachiwiri chomwe.

A Phiri: Ndi zoona. Pamwamba pa mawindo lamba wa konkire ya 1:2:4 azungulire nyumba yonse, zitsulo za Y12 (za mamilimita 12) zinayi, mphete za R6 (za mamilimita 6) pa masentimita 20 alionse. Mawaya omangira denga akwiriridwe m'konkireyo isanaume. Madenga omwe amasasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba amakhala omangidwa pa mizere iwiri ya njerwa basi.

Mayi Naphiri: Nanga madzi a padenga? Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga lathu ndi khonde lomwe lifika pafupi masikweya mita 100, ndiye mvula ya mamilimita 20 yokha ndi malita 2,000. Tiike magata ndi thanki, amayi azisamba m'manja pomwepo, madzi asamakumbe m'mbali mwa maziko.

A Mwale: Thanki idikire chaka chamawa. Simenti ya njerwa ndi maziko itisautsa kale. Padakali pano ngalande ya miyala kuzungulira nyumba ikwanira.

Mayi Naphiri: Thanki idikire, koma magata alowe mu bajeti ya pano. Kukhoma pambuyo kumafuna kukweranso padenga.

A Banda: Chabwino. Mudzi uliwonse ubweretse ndowa ya katondo Loweruka, mulembe pomwe mwakumba. A Mwale akhome mabokosi atatu, Chikondi awerengere njerwa zofunika malinga ndi kukula kwa chikombole cha makina omwe tibwereke. Midzi ija isayambe kudula mitengo, a gulupu ndiwauza ndekha mawa.