Mawindo akuchucha madzi m'mawa, khoma lachita nkhungu

Make Mwana:
Abale, ndigawireni nzeru. Chiyambireni kuzizira, m'mawa uliwonse magalasi a mawindo akuchipinda amakhala atanyowa chamkati, madzi mpaka kuyenderera pafelemu. Dzulo nditasuntha wadiropu ndapeza khoma lakuseri kwake lili bii ndi nkhungu, nsapato za bambo akunyumba zili mbuu. Timagonamo atatu, ndipo mwana wathu wa zaka ziwiri wayamba kutsokomola usiku. Poopa kuzizira ndinatseka mabowo olowera mpweya aja ndi nyuzipepala, matewera ndimayanika pachingwe momwemo. Denga silidontha. Nanga madziwa akuchokera kuti?

Mmisiri Wopuma:
Mayi, madziwo akuchokera m'chipinda momwemo. Anthu atatu akamapuma usiku wonse amatulutsa nthunzi, matewera akamauma madzi ake amalowanso mumpweya womwewo, ndiye inu mwatseka potulukira. Mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira: pa madigiri 20, kiyubiki mita imodzi (mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse) imatha kusunga madzi okwana magalamu pafupifupi 17, pa madigiri 10 magalamu 9 okha. Mpweya wam'chipindawo ukagunda galasi lozizira, madzi otsalawo amakhala madontho, monga mame pa udzu. Kuseri kwa wadiropu n'chimodzimodzi, khoma limazizira ndipo mpweya suyenda.

Chotsani nyuzipepalazo lero lomwe. M'mawa mukadzuka pukutani magalasi ndi kansalu, kansaluko kakaumire panja, kenako tsegulani zenera ndi chitseko, komanso zenera la mbali ina ya nyumba, kuti mphepo idutse kwa mphindi 10. Wadiropu isagunde khoma, siyani mpata woti dzanja lilowe.

Make Mwana:
Zikomo bambo. Koma panja pamakhala chifunga m'mawa, sindilowetsa chinyezi china? Ndipo mwanayu sazizidwa?

Mmisiri Wopuma:
Funso limeneli ndi limene limasokoneza ambiri. Mpweya wozizira, ngakhale wachifunga, uli ndi madzi ochepa poyerekeza ndi wofunda umene mwagonamo. Ukalowa n'kufunda, umayamwa chinyontho cham'makoma ndi m'mabulangeti. Mphindi 10 sizikwana kuziziritsa makoma, chipinda chimafundanso msanga. Mwanayo mum'funditse, akhale chipinda china pa nthawiyo. Chifuwacho musachidikire, mukam'pimitse, chifukwa nkhungu imavutitsa ana, makamaka amphumu.

Nachisale:
Ine ndionjezereko, asisi, poti zinandichitikira. Ndinatsegula mawindo mwezi wathunthu koma khoma la kubafa silinaume, kenako tinapeza kuti paipi inkadontha mkati mwa khomalo. Yesani chonchi: pukutani khomalo, matanipo pepala la pulasitiki ndi tepi mbali zonse zinayi, lisiyeni masiku awiri. Likanyowa pamwamba, vuto ndi mpweya wam'chipinda, tsatirani zimene anena bambowa. Likanyowa kunsi, kumbali ya khoma, madzi akuchokera m'khoma momwemo kapena pansi, ndipo pamenepo pafunika mmisiri.

Nthunzi yakukhitchini ndi kubafa nayo imathamangira kuchipinda chozizira kwambiri. Pophika vundikirani mapoto, mukasamba madzi otentha tsekani chitseko cha bafa n'kutsegula zenera lake. Ngati muli ndi fani yokokera mpweya, onetsetsani kuti ikutulutsira panja, osati m'siling'i.

Pochotsa nkhunguyo musaikwecheze ili youma, imauluka n'kulowa m'mphuno. Valani magolovesi, zenera lili lotsegula, mwana ali kutali, mupukute ndi nsalu yonyowa ya sopo kapena bulitchi wosungunula. Chonde musasakanize bulitchi ndi viniga, mpweya wake ndi wapoizoni. Ndipo musathamangire kupaka penti khoma lisanaume, nkhunguyo imatulukanso.

Make Mwana:
Nyuzipepala ndachotsa, chingwe cha matewera ndachisamutsira pakhonde. Lero m'mawa galasi linangochita kachifunga m'munsi, silinayenderere. Pulasitiki ndamata dzulo madzulo, ndiona mawa. Mwana tikupita naye kuchipatala masana ano.