Mayi a kunyumba akandifunsa ndimangoti palibe

Membala wosatchula dzina:
Abale, ndine bambo wa ana atatu, kwathu ndi ku Domwe ku Angónia. Ndimagula mbatatesi ku Tsangano n'kukagulitsa ku Tete. Chichitikireni zija za mu Juni, pachifuwa panga pamalemera ngati ndameza mwala. Mayi a kunyumba akafunsa chavuta n'chiyani ndimangoti palibe, poti nanenso sindikudziwa ngati ndi mkwiyo, manyazi kapena chisoni. Dzulo ndinakalipira mwana chifukwa chogwetsa kapu, kapu yake yapulasitiki yosasweka n'komwe. Komanso alamu anga anabwereka njinga yanga yamoto n'kuibweza yopanda galasi, ndipo ma metikali 3,000 omwe ndinawakongoza mpaka lero zii. Apongozi nawo akuti ndayamba kunyada chiyambireni kugona m'tauni, pomwe ine ndimagona pa matumba kotentha kuja. Munthu amadziwa bwanji chomwe chikumuwawa? Nanga amachinena bwanji osautsa ndewu?

Malume a ku Zóbuè:
Bongololo sadzolera mafuta pagulu, achimwene! Mwamuna salira. Ife tinathawa nkhondo wapansi mpaka ku Dedza, tinabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 n'kupeza nyumba zili phulusa. Ndani anatifunsa za mumtima? Tinagwira khasu basi.

Make Mapasa:
Inu bambo, za mu Juni zo ndi ziti? Mwatiuza za galasi ndi apongozi, koma fupa lenileni mwalibisa.

Mnyamata wa chapa:
Kkkk mwala pachifuwa? Ndi mbatatesi zosapsa zimenezo achimwene. Kapena dzuwa la ku Tete lakuwotchani, mukangowoloka mlatho wa Samora Machel aliyense amakwiya.

Aphunzitsi opuma, Ulongué:
Mwanawe, yamba ndi thupi. Mwala ukabwera, dzifunse kuti wabwera utaona ndani, utamva mawu ati. Mkwiyo umatenthetsa nkhope n'kuumitsa nsagwada, mantha amathamangitsa mtima, manyazi amakuthawitsa maso a anthu, chisoni chimakulanda mphamvu ndi chilakolako cha nsima. Uzilemba kumbuyo kwa kope lako la malonda kwa sabata imodzi. Kwa mkazi wako usayambe ndi "iwe". Ungonena kuti, sindili bwino, mawu ake sindinawapeze, koma usaganize kuti ndakuda.

Malume a ku Zóbuè:
Aphunzitsi, ndiye mwamuna wandevu azilemba misozi m'kope? Mkazi ukamuonetsa chofooka chako, mawa chili pa mjigo. Ndikunena zomwe ndinaona ndi maso anga.

Make Mapasa:
Malume, amuna anga anali ngati inuyo. Zaka 11 yankho linali palibe. Tsiku lomwe anayankhula ndi lomwe ndinapeza atagulitsa ng'ombe ziwiri kubweza ngongole ya feteleza wa fodya ku Furancungo. Ndikanadziwa msanga bwenzi titagulitsa mbuzi zokha. Mpaka lero ndikaona khola lija mtima umandiwawa.

Malume a ku Zóbuè:
Mwaonatu? Mwaulula za amuna anu pa Facebook. Mfundo yanga ndi yomweyo!

Mlongo wa kwaya:
Ndi mzimu wa mkwiyo umenewo. Salani kudya masiku atatu, mupite kwa abusa.

Mnyamata wa chapa:
Asale kudya akunyamula matumba? Mukufuna akomokere pa msika?

Wa ku Moatize:
Ngati tulo sakubwera, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, pitani kuchipatala lero lomwe. Ku chipatala chachikulu cha Tete kuli oona za matenda a maganizo, ndipo sikuti amaona amisala okha. Apo ayi, yambani ndi ankhoswe anu kapena mnzanu mmodzi wosunga pakamwa. Za galasi zo tumani ankhoswe omwewo.

Malume a ku Zóbuè:
Ankhoswe a masiku ano ndi ana, akuti ukwati aukonzere pa WhatsApp. Mpatseni mlamuyo masiku atatu abweze ndalama, muona mwala wachoka wokha.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, ndayesa zija usiku. Mwala unabwera mwana wamng'ono atafunsa za agogo ake. Nsagwada sizinaume, ndinangotuluka panja. Tulo ndimagona pang'ono. Galasi akuti agula Loweruka.

Make Mapasa:
Agogo ake ati, a kuchimuna kapena a kuchikazi? Bambo inu, mu Juni munachitika chiyani?