Firefox ya pashopu izitseguka osasunga za makasitomala, pa terminal ndilembe chiyani?

Wafotokope_KK: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi kashopu ka fotokope pano pa boma la Nkhotakota, ndipo pakona ndinaika kompyuta yakale ya Linux Mint yoti anthu azitumizirapo makalata ofunsira ntchito. Vuto ndi kuiwala. Lachiwiri mayi ena anachoka atasiya Facebook yawo yotsegula. Mnyamata amene anakhalapo pambuyo pawo ndinamupeza akumwetulira yekhayekha, kumusuzumira akuwerenga mauthenga a eni. Mayiwo akanamva bwenzi mlandu uli wanga. Chinanso, magetsi akazima n'kuyakanso, Firefox, pulogalamu yotsegulira intaneti ija, imabweza masamba onse a munthu amene anali pomwepo. Ndikufuna izitseguka yoyera nthawi zonse, komanso isamamwe bandulo ngati madzi. Terminal, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta kaja, ndimatha kuitsegula, kungoti zolembamo ndiye mdima.

Mphunzitsi wa ku Dwangwa: Achimwene, choyamba asiyanitseni makasitomala ndi inu. Tsekani Firefox, pa terminal lembani:

`firefox -CreateProfile makasitomala`

Mukatero muziitsegula chonchi:

`firefox -P makasitomala --private-window`

Profile ili ngati chipinda chake, ma pasiwedi anu sakhalamo. Windo ya private ikatsekedwa, ma cookie (timafayilo tokumbukira kuti munthu walowa mu akaunti yake) amafufutika, ndipo magetsi akazima masamba ake sabwereranso. Mzere womwewo muuike mu Startup Applications kuti kompyuta ikangoyaka iziutsegula yokha. Mukalemba `firefox -P` basi, ikuonetsani ma profile onse musankhe nokha.

Chambo cha ku Senga Bay: Wonjezeranipo `--kiosk`. Zinabwera ndi Firefox 71 mu 2019. Imadzaza sikirini yonse, palibe menyu, ana sangagwiregwire. Ife timagwiritsa ntchito pa kompyuta ya alendo.

Mphunzitsi wa ku Dwangwa: Ayi bwana, pamenepo ndikana. Kiosk imabisanso polembera adilesi paja. Kwa inu zikuyenda chifukwa mlendo amangofuna tsamba limodzi. Awa anthu awo wina akufuna Gmail, wina tsamba la koleji, alemba pati? Azingodzuka pa mashini a fotokope mphindi iliyonse. Ndipo wosadziwa Alt+F4 amasowa ndi potulukira pomwe.

Mayi a ku Kamuzu Road: Za bandulo palibe wayankhapo. Lembani about:profiles polembera adilesi, muona foda ya profile ija. M'menemo pangani fayilo dzina lake user.js, mulembemo:

`user_pref("media.autoplay.default", 5);`
`user_pref("browser.privatebrowsing.autostart", true);`

Woyambawo umaletsa mavidiyo kudziyambira okha, ndiwo amatha bandulo mwakachetechete. Wachiwiriwo ndi wofunika chifukwa kasitomala wochenjera akhoza kutsegula windo wamba, ndiye mzerewu umachititsa kuti windo iliyonse ikhale private. Ubwino wa user.js ndi woti Firefox imaiwerenga nthawi iliyonse ikamatseguka, wina akasokoneza masana, mawa zabwerera m'malo.

Ena akuuzani kuti mutsekenso zithunzi ndi `permissions.default.image` kuika 2. Ine ndinayesa kuno ku Salima, bandulo inkakhalitsa ndithu, koma tsiku lomwelo mtsikana wina analephera kumaliza fomu chifukwa tizithunzi totsimikizira kuti ndiwe munthu sitinkaoneka. Ndinavutika mpaka dzuwa kupendeka, ndikumanamizira netiweki. Musayerekeze.

Koma dziwani bambo, private sifufuta zimene munthu wadawunilodi. Ma CV ndi zithunzi za ziphaso amatsala mu foda ya Downloads, muzisesamo madzulo.

Wafotokope_KK: Zikomo nonse. Poyamba inandikanira, imvekere Firefox ili kale yotsegula, ndiye mwana wa mlongo wanga anandilembetsa `pkill firefox` kuti itsekeke, n'kuyambiranso, zatheka. Ndayesa kulowa imelo yanga, kuzula chingwe kukhoma, kuyatsanso, palibe chabwerera. Amayi a ku Kamuzu Road, mu Downloads muja ndapezamo ma CV 43, ina ya chaka chatha. Nanga pali mzere woti iziwafufuta yokha ikamayaka, osakhudza mafoda anga?